Mkati ndi kunja kwa mpanda: mashoo a rock amene sindiiwala

Anzanga ambiri a kumpingo sadziwa kuti ndimakonda nyimbo za rock, ndipo ochepa amene akudziwa amati ndi matenda amene ndinatola ku Joni kuno. Mkulu wina anachita kundiitanira pambali n'kundifunsa kuti, "Achimwene, imvi zonsezi, mumamvamo chiyani m'phokoso la azunguli?" Funso lake linali ndi mutu ndithu. Ndikaika nyimbozi m'galimoto ndili ndekha, inenso masiku ena ndimangomva chiphokoso basi. Rock siikoma kwenikweni pa wailesi. Imakoma uli chiimire pakati pa khamu, ng'oma ikukugunda pachifuwa, thukuta la munthu wosamudziwa likukudonthera pamkono. N'chifukwa chake ndikati ndikumbukire mashoo amene ndinapitako pa zaka zonsezi, zoti uje anaimba bwino kapena gitala inalira motani zimabwera pambuyo. Zoyamba kubwera ndi nkhope za anthu amene ndinaima nawo, komanso za ena amene anatsala kunja kwa geti.

Ine ndinabadwira ku Mbare, mzinda wa Harare ukadali Salisbury. Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata kukafuna ntchito ku Rhodesia monga ankachitira amuna ambiri a kwathu, mayi n'kuwatsatira pambuyo. M'nyumba tinkalankhula Chichewa, panja Chishona, kusukulu Chingerezi, ndipo anzathu akafuna kutiputa ankatiitana Manyasarande. Rock sinalowe ndi mzungu m'nyumba mwathu. Anabwera nayo ndi amalume, mlongo wawo wa mayi, amene anagwirapo ntchito ku Kitwe m'ma 1970 n'kubwerako ndi katoni ya zimbale: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Amenewa anali anyamata a ku Zambia, tsitsi lili nyankhalala, mabuluku otambalala kumapazi, magitala olira mokalipa. Paul Ngozi nyimbo zina ankaziimba m'Chinyanja, moti mayi ankamva mawu onse ali kukhitchini n'kumapukusa mutu. Zimbabwe nayo inali ndi ake, monga Wells Fargo ya ku Bulawayo, imene apolisi a Ian Smith sankafuna kuimva n'komwe.

Kumudzi zoterezi zinalibe malo. M'zaka zimenezo malamulo a Malawi ankaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, amuna kuweta tsitsi lalitali, ndipo amalume atapita kukaona agogo anametedwa pachipata cholowera m'dziko asanadindiridwe pasipoti. Anabwerako ndi mpala, nkhaniyo n'kumaifotokoza pa mowa uliwonse mpaka imfa yawo. Oletsa nyimbo ndi mabuku anafika poletsa nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa "Cecilia" chifukwa dzinalo linali la Mama Kadzamira. Paul Simon yemweyo anadzaimba pa Rufaro Stadium mu 1987, pafupi ndi kwathu, pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo, koma ine sindinalowe, ndalama panalibe. Za Bob Marley pa bwalo lomwelo mu 1980 ndinali mwana. Chimene ndimakumbukira ndi mayi akutseka mawindo chifukwa cha utsi wokhetsa misozi.

Shoo yanga yoyamba yeniyeni inali Lachisanu pa 7 Okutobala 1988, pa National Sports Stadium, bwalo latsopano limene anthu a ku China anali atangomaliza kumanga kumadzulo kwa mzinda, moyandikana ndi Heroes Acre. Bungwe la Amnesty International linakonza ulendo wa oimba wotchedwa Human Rights Now! pokumbukira zaka 40 za chikalata cha ufulu wa anthu chimene United Nations inavomereza mu 1948. Mashoo onse anali 20, kuyambira ku London kukathera ku Buenos Aires m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo mu Africa anaima malo awiri okha, Harare ndi Abidjan. Kunali Bruce Springsteen ndi E Street Band yake, Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman, ndi Youssou N'Dour wa ku Senegal. Matikiti anagula ndi amalume. Tinapanikizana mu Peugeot 404 ya emergency taxi, ine kumbuyo kwenikweni, mawondo ali kukhosi.

Tisanafike pageti ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo: magalimoto ndi mabasi a manambala a ku Transvaal ndi Natal atandanda m'mbali mwa msewu wopita ku Bulawayo. Nthawi imeneyo oimba akuluakulu ankakana kukaimba ku South Africa chifukwa cha tsankho, ndiye achinyamata a kumeneko, ambiri mwa iwo azungu, anawoloka pa Beitbridge masauzandemasauzande kudzaonera kwa ife. Anali atafiira ndi dzuwa la Okutobala, makabudula aafupi, ena osavala nsapato. Azungu a ku Zimbabwe tinkawadziwa, anali ndi luso lotiyang'ana modutsa. Awa anali ena. Ankamwazamwaza maso mwamanyazi, kuchita kuoneka kuti sanaimepo pamzere umodzi ndi munthu wakuda kudikira khomo limodzi. Wina anandiponda phazi n'kupepesa mpaka ine ndi amene ndinachita manyazi.

Mkati, achinyamata a Amnesty ankagawa timapepala ta chikalata chija n'kumapempha anthu kusayina posonyeza kuti akugwirizana nacho. Mtsikana wina anandipatsa cholembera. Ndisanalembe chilembo choyamba, dzanja la amalume linandigwira pamkono, osati mwaukali, koma molimba.

"Mphwanga, bweza cholemberacho."

"Bwanji amalume? Aliyense akusayina."

"Aliyenseyo agogo ake ali ku Dedza?"

Ana a masiku ano angaseke, koma mantha a amalume sanali a chabe. Zaka zisanu m'mbuyomo, mu 1983, mtembo wa Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha LESOMA, unapezeka m'ngalande mu Harare momwemo. Usiku umene ife tinkavina, Jack Mapanje anali atatha chaka ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu, ndipo Orton ndi Vera Chirwa anali ku ndende ya Zomba. Atatuwa anali pakati pa akaidi amene Amnesty yomweyo inkawalankhulira. Amalawi a ku Harare tinkakhulupirira kuti pa maliro alionse, pa gule aliyense, pamakhala khutu la boma la kwathu, ndipo palibe amene ankafuna kuyesa kuti aone ngati n'zoona. Tinalinso ndi manyazi athuathu: Malawi linali dziko lokhalo lolamulidwa ndi anthu akuda mu Africa limene linali pa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku Pretoria. Ndiye cholembera ndinabweza, kapepala ndinakapinda n'kukalowetsa mu sokosi.

Dzuwa likadalipo anayamba ndi eni dziko, Ilanga ndi Oliver Mtukudzi, amene panthawiyo mayiko akunja anali asanamudziwe kwenikweni. Youssou N'Dour anativinitsa ndi ng'oma zake zolankhula. Koma amene anatontholetsa bwalo anali Tracy Chapman, mtsikana wa zaka 24, gitala imodzi yopanda magetsi, wopanda bandi, wosavina, maso pansi. Anthu oposa 70,000 tinangoti zii. Amalume, amene ankakhulupirira kuti gitala yosalumikiza ku magetsi ndi ya ku sande sukulu, anangoti, "Mwana uyu ndi woopsa." Sting ndimamukumbukira pang'ono chabe, bandi yake inali ya akatswiri, koma njala inali itandigwira ndipo gawo lalikulu ndinalimvera ndili pamzere wa chakudya.

Peter Gabriel anatseka gawo lake ndi nyimbo ya Steve Biko, amene anafera m'manja mwa apolisi a South Africa mu 1977. Kwawo kwa anyamata ofiira aja nyimboyi inali yoletsedwa. Ng'oma yake ndi yapang'onopang'ono, ya pamaliro. Chakumapeto oimba anayamba kuchoka pa siteji mmodzimmodzi, kusiya womenya ng'oma yekha ndi ifeyo, zibakera m'mwamba, tikubwereza mawu omwewomwewo. Pambali panga panali mnyamata wachizungu wa msinkhu wanga, wometa mwachisilikali, akulira mamina ali chuchuchu, osabisa n'komwe. Ndinasowa chochita naye. Mtima wina unkati mugwire paphewa, wina unkati musiye alire, munthuyo anaphedwa ndi akwawo. Ndinangopitiriza kuimba. Koma ndikukuwa dzina la Biko chonchija, ndinkadziwa kuti ife tili ndi mayina athu amene sindikanayerekeza kuwatchula pa bwalo lomwelo ngakhale monong'ona. Amalume sanakweze chibakera. Anaima manja ali kumbuyo, milomo yokha ikuyenda.

Springsteen anabwera usiku utapita. Nyimbo zake zambiri sindinkazidziwa, ndipo chimene chinandigwira ndi kagwiridwe kake ka ntchito: thukuta kamukamu kuyambira nyimbo yoyamba, kuthamanga uku ndi uku, nyimbo isanathe wayamba kale kuwerengera inzake. Pakati pake anaima n'kulankhula kwa alendo a ku South Africa aja za nkhondo ya Vietnam ndi za achinyamata okakamizidwa kulowa usilikali. Kwawoko mnyamata aliyense wachizungu ankayenera kukatumikira zaka ziwiri, ena kumalire a Angola, ena m'makomboni a anthu akuda. Wolira uja anakuwa mpaka mawu kusasa. Ndiye panali Clarence Clemons, chimunthu chachikulu chakuda chonyamula saxophone, amene Springsteen ankamutsamira paphewa, kusekererana naye, kumulekera siteji yonse kuti alize chida chake. Lero zimenezo si nkhani. Mu 1988, pa mtunda wa tsiku limodzi pa basi kuchokera pa Limpopo, anthu ankagwedezana kuti taonani. Anamaliza onse pamodzi ndi nyimbo ya Bob Marley, ndipo ife tinabwerera ku Mbare wapansi poti zokwera zinali zitatha. Tinafika atambala akulira, mayi ali pakhomo ndi mawu awo okonzakonza, amalume n'kuwalandira onse m'malo mwanga.

Chuma cha Zimbabwe chitayamba kuvuta ndi ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, mafakitale n'kumachotsa anthu, ndinatsikira ku Johannesburg ndi kasatifiketi kanga ka zamagetsi. Mu Febuluwale 1995 a Rolling Stones anaimba masiku awiri pa Ellis Park, chisanathe chaka chilowere Mandela m'boma. Tsopano panalibe lamulo londiletsa kulowa, koma ndinkagwira maganyu olumikiza mawaya, ndipo ndalama ya tikiti inali ndalama ya lendi. Mwamwayi mnzanga wina wa ku Nkhata Bay ankakhala m'chipinda chogawana mu Ponte City, chinyumba chozungulira chija cha nsanjika 54 chimene chaima pachitunda moyang'anizana ndi bwalolo. Tinatsegula mawindo, tinaphika nsima ya zipalapasiro, tinakoka mipando.

Shoo ya pawindo ili ndi khalidwe lake. Kuwala umakuona kaye, phokoso n'kumabwera pambuyo pake. Mphepo ikatembenuka mawu a Mick Jagger ankasowa, kutsala ng'oma ya Charlie Watts yokha, imene sinasowepo usiku wonse. Kuyambira tsiku limenelo ndimati mwini bandi ija anali iyeyo, mkulu wofatsa wokhala kumbuyo, ndipo atamwalira mu 2021 ndinamva ngati wapita munthu amene ndinamuona ndi maso. Anansi a mnzangayo anali a ku Zaire, poti Ponte nthawi imeneyo inali yodzaza ndi iwo. Mmodzi anamvetsera gitala ya Keith Richards kwa kanthawi, kenaka n'kufunsa m'Chingerezi chake chothyokathyoka ngati mkuluyo akudwala zala, chifukwa ku Kinshasa mwana wa zaka khumi amathamangitsa gitala kuposa pamenepo. Tinakangana mpaka makombola otsekera shoo anaphulika moyang'anizana ndi windo lathu. Imeneyi ndimaiwerengera ndithu pa mashoo amene ndinaonera, kaya wina atsutse.

Zaka zotsatira ndinakwatira, ana anabwera, ntchito inakhazikika, ndipo mashoo anga ambiri anali ang'onoang'ono, m'timabala ta ku Melville ndi Newtown, kumene siteji ndi thabwa lokwera pang'ono ndipo woimba amadzaima nawe pamzere wa kuchimbudzi. Kumeneko ndi kumene ndinaonera BLK JKS, anyamata akuda a mu Johannesburg momwemuno, asanatchuke kufika poimba pa Orlando Stadium pa shoo yotsegulira World Cup ya 2010. Nyimbo zawo sizinali zosavuta. Inkayamba ngati ya kumpingo wa Ziyoni, kulowa reggae, kenaka magitala n'kupenga kwa mphindi zambirimbiri mpaka sudziwanso kuti ng'oma ili pati. Theka la anthu linkatuluka kukasuta, ine n'kusunthira kutsogolo. Anyamatawo nawonso ankafunsidwa funso limene ine ndimafunsidwa kumpingo, loti anthu akuda mukutani ndi nyimbo za azungu, pamene amene anayala maziko a rock anali akuda anzathu a ku America, Chuck Berry, Little Richard, ndi mayi wa gitala ya magetsi Sister Rosetta Tharpe. Khutu langa lakumanzere limalira mpaka pano, ndipo ndikudziwa kuti ndi timabala timeneti tinalipweteka, osati mabwalo akuluakulu.

Ya U2 ndinalowa ndi tikiti yogula ndekha, pa 13 Febuluwale 2011, pa FNB Stadium pafupi ndi Soweto. Tinalipo anthu oposa 94,000. Siteji inali pansi pa chichitsulo cha miyendo inayi chotalika mamita pafupifupi 50, chokhala ngati nkhanu yaikulu yaima pa kapinga, masipika ndi sikirini yozungulira zili lendelende kumimba kwake. Monga munthu wa zamagetsi, theka la shoo ndinatha ndikuwerengera mumtima kuti zonsezi zikudya magetsi ochuluka bwanji, mawaya adutsa pati, nanga amazimasula bwanji n'kukazimanganso ku Cape Town. Vuto lake ndi lomwelo. Zinthu zikakula kufika apo umangosirira luso la amisiri, mtima uli phee. Ndinali pamwamba kwenikweni, oimba ndinkawaonera pa sikirini. Tsikulo zinali zitakwana zaka 21 chilankhulire Mandela pa bwalo lomwelo atangotuluka m'ndende, choncho panali chifukwa chokwanira choti munthu akhudzidwe, koma zonse zinali zokonzedwa bwino mopitirira muyezo. Tsitsi linandiima kamodzi kokha, Hugh Masekela atatulukira ndi lipenga lake. Ndipo gitala yokoma kuposa zonse tsikulo inali ya Amadou, wa Amadou ndi Mariam, banja la osaona la ku Mali limene linaimba koyambirira anthu ambiri akadali pamzere wa mowa.

Chaka chomwecho ndinapita kumudzi kukamanga chiliza cha amalume. Iwo anabwerera ku Dedza ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, tsitsi litatha lokha, n'kukhala zaka zawo zomaliza akulima kachewere. Chaka cha 2011 chinali chowawa ku Malawi. Pa zionetsero za pa 20 Julaye anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ndalama zakunja kunalibe, magalimoto ankagona pamizere ya mafuta. Mwambo utatha, mwana wa amalume anandikokera kuseri. "Asuweni, bambo akanakhala moyo akanakutengerani ku Mangochi. Tiyeni." Tinagula petulo wa m'zigubu pamtengo umene mayi a kunyumba sanaumve mpaka lero, n'kutsika Khwekhwerere kudzera ku Golomoti.

Shoo imene tinkapitako, Lake of Stars, anaiyambitsa ndi Will Jameson wa ku Britain, yoyamba n'kuchitikira ku Chintheche mu 2004, ndipo chaka chimenechi inali ku Nkopola, kumapeto kwa Seputembala kulowa Okutobala. Mabandi a rock a ku Britain anali atayamba kale kubwerako, The Maccabees mu 2009, Noisettes mu 2010. Ulendo uno kunali Foals, anyamata a ku Oxford amene sindinkawadziwa n'komwe. Ine mtima unali pa Freshlyground ndi oimba a kwathu. A ku Oxford ndinangoti tiwaonere poti talipira kale.

Siteji inali pamchenga, madzi ali pomwepa, majenereta akulira kumbuyo, ine n'kumadzifunsa kuti dizilo wake amutenga kuti chaka ngati chimenechi. Nsapato ndinavula. Foals atayamba, khutu langa la ku Mbare linadzuka. Magitala awiri, onse akugwiridwa chakumunsi kumene mawu amakhala aang'ono ndi akuthwa, osalira nthawi yaitali koma kudumphadumpha, ina ikufunsa ina ikuyankha, bezi ikuyenda njira yakeyake. Umu ndi mmene imayendera sungura, ya Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a Amalawi anzathu a m'mafamu a ku Zimbabwe. Si ine ndekha ndinazimva. Mkulu wina wa pambali panga, wovala jezi ya Bullets, anayamba kuthyola miyendo mwa Macheso, n'kundikuwira m'khutu: "Akulu, azunguwa aba kwa Macheso awa!" Posakhalitsa atsikana a ku Britain anali akumutsanzira, mchenga uli koboo. Kenaka nyimbo inatembenuka, magitala n'kukalipa mwa rock yeniyeni, anyamata achizungu kuyamba kudumpha ndi kugundana monga amachitira kwawo, koma mkulu wa Bullets sanasinthe sitepe, anangowonjeza liwiro. Pa mashoo onse amene ndinapitako, apa ndi pokhapo pamene ndinaona rock ikuvinidwa ndi chiuno, ndipo inkaoneka kuti ndi mmene inayenera kuvinidwira kuyambira kale.

Pakati pa usiku ndinayenda kukafika kumapeto kwa mchenga kumene kunali mpanda. Kuseri kwake kunali ana ndi achinyamata a m'midzi yoyandikana, ena atakangamira pampandapo, ena akuvina gule wawo pomwepo, ndipo patali pamadzi nyali za asodzi a usipa zinali ndandanda, anthu ali pa ntchito. Tikiti ya masiku atatu inali ndalama yoti ambiri mwa iwo sakanaigwira pa mwezi. Tisanamizane, chikondwererocho chinkabweretsa ndalama m'deralo: amayi okazinga chambo ndi tchipisi, anyamata a ziboliboli, malo ogona odzaza mpaka anthu kumanga matenti. Koma anawo ndinawadziwa, poti malo awo ndinakhalapo pa windo la Ponte. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali mlendo m'dziko la eni, pamene iwo anali kwawo, pa nyanja imene amayi awo amachapira. Mnyamata wina anandipempha kuti ndikamapita ndimusiyire kachibangili kolowera kamene kanali pamkono panga. Kanali kosavuka popanda kukadula. Ndinamugulira chakumwa n'kumupatsira pampanda, iye n'kundifunsa ngati azungu a magitala aja abwerenso mawa.

Springsteen ndinadzamuonanso pa 1 Febuluwale 2014, pa FNB Stadium, atayamba waimba masiku atatu ku Cape Town. Unali ulendo wake woyamba kuimba mu South Africa, zaka zoposa 25 chichokere ku Harare. Mandela anali atamwalira pa 5 Disembala 2013, ndipo mwambo waukulu womukumbukira unachitikira pa bwalo lomweli. Anatsegula ndi nyimbo yakale ya m'ma 1980 yofuna kuti Mandela amasulidwe. Ndinatenga mwana wanga wamkazi, wa zaka 17 panthawiyo, munthu wa house ndi kwaito, amene anavomera chifukwa chondimvera chisoni.

Bambo wa zaka 64 anaimba maola atatu, mvula ikuwaza, osapumira. Clarence Clemons anali atamwalira mu 2011, saxophone ili m'manja mwa Jake, mwana wa mchimwene wake. Ine maso anali pa azibambo achizungu a msinkhu wanga, amimba ndi madazi, n'kumadzifunsa kuti mwa amenewa ndi angati anawoloka pa Beitbridge chaka chija. Mwana wanga zonsezi sizinamukhudze. Chimene chinamudzutsa pampando ndi Tom Morello, amene ankaliza gitala mokanda ngati DJ, mpaka pena kuiimba ndi mano. "Adadi, uyu yekha ndiye akudziwa. Enawa ndi a kumpingo kwanu."

Iyeyo ndi amenenso ananena mokweza zimene ine ndinali nditazolowera kungoziona. "Adadi, tili pakhomo pa Soweto, koma anthu akuda muno ndi ogulitsa mowa ndi alonda." Sizinali zoona kwathunthu, tinalipo ndithu, koma owerengeka. Kutsogolo kwa gawo lathu kunaima mlonda wovala jekete yowala, amene ntchito yake inali kuyang'ana ifeyo, msana atalozetsa ku siteji. Maola onsewo sanacheukeko. Potuluka anatimva tikulankhula.

"Ndinu a kumudzi, bambo?"

Anali wa ku Mzimba, mnyamata wa zaka za m'ma 20. Titapatsana moni ndi kufunsana za kwathu, anafunsa kuti tikiti tinagula zingati. Ndinamuuza, ya anthu awiri. Anawerengera pa zala, marandi kupita ku makwacha, makwacha kupita ku matumba a feteleza, n'kuimba kamluzu.

"Koma mkuluyu amalimbikira ntchito, ndamumva ine. Sanapume olo pang'ono. Ndi wa kuti?"

"Wa ku America."

"Zaka zingati?"

"64."

"Ndiye penshoni kulibe kwawoko?"

Mwana wanga anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe onyowa. Ndinati ndimufotokozere mnyamatayo kuti mkuluyo ndi ndani ndipo ndinamuonera kuti koyamba, koma kawailesi kake ka paphewa kanalira, abwana ake akumuitanira ku geti lina, ndipo ifenso tinali ndi sitima ya ku Park Station yoti tiithamangire.